Kanema wa ukwati wakana kulowa pa DVD ndi pa fulashi, ndatani?

Funso lachokera kwa wojambula wina wa ku Chinamwali. Akuti: "Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Zomba. Ukwati wa Loweruka lapitali nditamaliza kuuedita watuluka wa maola 2 ndi mphindi 40, ndipo nditapanga export fayilo yake yafika pafupifupi 29 GB. Eni ukwati akufuna DVD yokapatsa makolo ku Jali, winanso kanema yemweyo pa fulashi. DVD ndi ya 4.7 GB basi. Fulashi ya 32 GB nayonso ikukana, ikuti fayilo yakula, chonsecho malo alipo. Nditayesa kuichepetsa, nkhope za anthu zayamba kuoneka timabokosi. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, kamera yanu ili bwinobwino, kompyutanso ilibe mlandu. Zomwe zakugwerani zinandigwerapo inenso masiku amene tinkajambulira pa timatepi ta MiniDV, pomwe ola limodzi lokha linkadya 13 GB. Tiyambire pa nambala mwandipatsayo, chifukwa 29 GB yandiuza kale zambiri.

Kukula kwa fayilo ya kanema kumachokera pa zinthu ziwiri zokha: kutalika kwa kanemayo, ndi kuchuluka kwa deta yomwe mwalola kuti izilowa pa sekondi iliyonse. Chachiwirichi ndicho amati bitrate. Taganizani muli pa mpope ndi chigubu cha malita 20. Mukatsegula mpope mpaka kumapeto chigubu chimadzaza nthawi yomweyo, mukatsegula pang'ono chimatenga kanthawi. DVD ndiye chigubucho. Bitrate ndi mmene mwatsegulira mpope. Maola 2 ndi mphindi 40 ndi nthawi yomwe mukufuna kuti madzi akhale akutsika. Chigubu sichingakule, ndiye mwina muchepetse mpope, mwina muchepetse nthawi, apo ayi mukatenge chigubu chachiwiri.

Pamasamu ake pali kamsampha kamodzi. Bitrate amaiwerenga mu ma bit, pomwe fayilo amaiwerenga mu ma byte, ndipo byte imodzi ili ndi ma bit 8. Choncho kanema wa 8 Mbps, kutanthauza ma bit 8 miliyoni pa sekondi, amadya 1 MB pa sekondi, 60 MB pa mphindi, 3.6 GB pa ola. Nambala zimenezi muzisunge pamtima, zimathandiza ngakhale muli pa msika mukugula memore. Tsono tibwerere pa fayilo yanu. Mphindi 160 ndi masekondi 9,600. Tengani 29,000 MB, chulukitsani ndi 8, gawani ndi 9,600, mupeza 24. Ndiye kuti munapanga export pa 24 Mbps kapena pafupi pamenepo, ndipo ndikuganiza kuti munasiya pulogalamu kuti ingotengera mmene kamera inajambulira. Fayilo yotere ndi yabwino kusunga pa hard drive yanu. Yokapereka kwa kasitomala si imeneyo.

Ambiri amaganiza kuti akasintha MOV kukhala MP4 fayilo ichepa. Ayi. MP4, MOV, MKV ndi AVI ndi madengu chabe, zotengeramo. Zomwe zili m'kati mwa dengumo, ndi mmene zafinyidwira, ndi nkhani ya codec: MPEG-2, H.264, H.265. Ena amatsitsa kanema kuchoka pa 1080p kufika pa 720p nkumadabwa kuti fayilo sinasinthe. Singasinthe ngati bitrate mwaisiya pomwepo. Chomwe kutsitsako kumachita ndi kuchepetsa timadontho tofunika kudyetsedwa, kotero kuti bitrate yochepa imakwanira. Nsima yomwe singakwane anthu khumi imakhutitsa anthu anayi.

Ndikufuna tichezepo pang'ono pa kufinya kumeneku, chifukwa timabokosi mukudandaula nato timabadwira pamenepa. Chithunzi chimodzi cha 1080p chili ndi timadontho 1,920 m'mbali ndi 1,080 kutsika, tonse pamodzi timaposa 2 miliyoni. Kadontho kalikonse kakatenga ma byte 3 osungira mtundu wake, chithunzicho chimakhala cha 6 MB ndi kanthu. Kanema wathu amakhala ndi zithunzi 25 pa sekondi. Zikanakhala kuti palibe kufinya, sekondi imodzi ikanadya 155 MB, ola limodzi kuposa 550 GB. Ndiye onani kuti fayilo yanu ya 29 GB, yomwe mukuiona ngati yaikulu, ndi yofinyidwa kale maulendo pafupifupi 50.

Codec imachita zimenezi mwa njira ziwiri. Yoyamba imagwira m'kati mwa chithunzi chimodzi: khoma loyera la m'tchalitchi silifunika kulembedwa kadontho ndi kadontho, imangoti dera lonseli ndi loyera, nkutayanso tina ting'onoting'ono tomwe diso silingathe kuona. Yachiwiri ndiyo yamphamvu, imayang'ana zithunzi zotsatizana. Tiyerekeze kamera ili pa tripod, abusa ali pa guwa akulalikira. Guwa silikusuntha, maluwa sakusuntha, khoma lili pomwepo. Chikusintha ndi milomo ya abusa ndi dzanja lawo basi. Codec imasunga chithunzi chimodzi chathunthu, kenako pa zotsatirazo imangolemba zomwe zasintha. Pa DVD ya kwathu kuno chithunzi chathunthu chimabwera kamodzi pa zithunzi zosapitirira 15, zina zonsezo ndi zongowonjezera pa chimenecho. Nchifukwa chake ulaliki wa mphindi 40 umaoneka bwino ngakhale pa bitrate yochepetsetsa.

Tsono ifike perekani-perekani. A kuchimuna onse anyamuka nthawi imodzi, amayi avala chitenje chofanana cha timizeremizere, ndalama zili m'mwamba, magetsi a DJ akuthwanima ofiira ndi obiriwira, inu mwachotsa kamera pa tripod mukuyenda nayo pakati pa gulu. Palibe kadontho kamene kakhala pamalo ake. Codec ilibe chobwereza, chilichonse ndi chachilendo, ndipo ma bit omwe mwaipatsa sakukwana. Ikasowa pogwira imayamba kupaka dera lonse mtundu umodzi, ndiwo timabokosi aja. Chimodzimodzi mukapita ndi akwati kukajambula ku Botanical Gardens, madzi a Mulunguzi akuthamanga kumbuyo kwawo ndipo masamba akugwedezeka ndi mphepo: malo okongola kwa diso, koma ozunza codec. Ndikukhulupirira kuti mukabwerera pa kanema munachepetsa uja, mupeza kuti za kutchalitchi zikuoneka bwino, zawonongeka ndi za kuholo.

Mdima nawonso ndi mdani. Dzuwa likalowa m'holo muli babu limodzi, kamera imadzikakamiza kuona, ndipo chithunzi chimadzaza ndi timchengamchenga tosakhazikika. Inu mumatiwona ngati zinyalala, koma codec sidziwa, imayesetsa kutisunga tonse nkuthera ma bit pamenepo m'malo mwa nkhope ya mkwatibwi. Nyali imodzi yabwino ndi tripod zimathandiza kuti kanema aoneke bwino pa bitrate yochepa kuposa batani lililonse la mu pulogalamu.

Kufinya kwa mtundu umenewu sikubwerera m'mbuyo. Kuli ngati matemba a ku Chilwa: akauma amapepuka, amalowa ambiri m'dengu, ndiwo yake imakoma ndithu, koma ngakhale muwaviike m'madzi usiku wonse sakhalanso aawisi. Zomwe codec yataya zapita. Choncho musamatenge fayilo yofinyidwa kwambiri nkuifinyanso, monga kutenga ya pa DVD kuti mupangire ya pa foni. Kope lililonse lizichokera pa timeline yanu, pomwe mwayalapo kanemayo mu pulogalamu yoeditira, kapena pa fayilo yaikulu ya 29 GB ija. Imeneyo musaifute mpaka eni ukwati atanena okha kuti alandira ndipo aonera.

Tibwere pa DVD. Chinthu choyamba: 4.7 GB yolembedwa pa chimbalecho si 4.7 GB yomwe Windows imawerenga. Opanga zimbale amawerenga 1 GB ngati ma byte 1,000,000,000, pomwe Windows imawerenga m'magulu a 1,024. Chimbale chomwecho pa kompyuta chimaoneka cha 4.37 GB kapena 4.38 GB. Palibe wakuberani, ndi miyezo iwiri chabe. Nchifukwa chakenso fulashi ya 32 GB imaonetsa 29 ndi kanthu. Ndaonapo anthu akupanga export ya 4.6 GB usiku wonse, m'mawa chimbale nkukana.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ojambula atsopano ambiri amagwa: kubena fayilo ya MP4 pa chimbale sikupanga DVD ya kanema. Chimenecho ndi chimbale chosungira mafayilo basi. Pa kompyuta chisewera, koma pa DVD player ya agogo ku Jali mwayi waukulu ndi woti chingozungulira nkulemba kuti sichikudziwa fayilo. DVD yeniyeni inatuluka mu 1996 ndipo malamulo ake sanasinthe: kanema akhale wa MPEG-2, kukula kwake timadontho 720 ndi 576, zithunzi 25 pa sekondi malinga ndi PAL yomwe timagwiritsa ntchito kuno, ndipo zonse zikhale mu foda ya VIDEO_TS, zodulidwa m'mafayilo a VOB osapitirira 1 GB. Kutanthauza kuti HD yanu pa DVD kulibe, zivute zitani. Ndi bwino kuwauziratu makasitomala zimenezi asanaone kusiyana pa TV yawo yaikulu nkuyamba kukukayikirani.

MPEG-2 ndi codec yakale, ya m'zaka za m'ma 1990, ndipo ndi yosusuka. H.264 yomwe inabwera mu 2003 imatha kupereka chithunzi chofanana pa theka la bitrate kapena kucheperapo, ndipo H.265 ya mu 2013 imafinya koposa apo. Koma DVD player simva zimenezo. Ndiye mukakamizika kugwiritsa ntchito codec yodya kwambiri pa chigubu chaching'ono kwambiri.

Njira yachidule yomwe ndimagwiritsa ntchito ndi iyi: tengani 600, gawani ndi mphindi za kanema wanu. Yankho ndi bitrate yonse, chithunzi ndi mawu pamodzi, yomwe ingalowe pa chimbale cha 4.7 GB nkutsalako kampata ka menu. Kanema wa mphindi 120 amapeza 5 Mbps. Wanu wa mphindi 160 akupeza 3.75. Mukachotsapo za mawu, chithunzi chitsala ndi 3.5 Mbps. Kulowa alowa, koma pa MPEG-2 imeneyo ndi njala. Ulaliki upulumuka, perekani-perekani ayi.

Pa mawu pomwepo ndiimepo, chifukwa pamabisala wakuba. Mapulogalamu ena amaika mawu a DVD mu PCM, yosafinyidwa, yomwe imadya 1.5 Mbps. Pa ola ndi pafupifupi 690 MB, pa kanema wanu 1.8 GB, kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a chimbale chonse. Sankhani AC-3, yomwe ena amailemba kuti Dolby Digital, pa 192 kbps. Mawu a kanema yense atenga 230 MB yokha, ndipo palibe amene angamve kusiyana pa sipika ya TV.

Ine ndikanakhala inu ndikanabena zimbale ziwiri. Choyamba chikhale cha kukonzekera kwa akwati, tchalitchi ndi zithunzi. Chachiwiri cha madyerero. Mukazigawa pafupifupi mphindi 80 chilichonse, masamu aja akupatsani 7.5, ndiye chithunzi muchiike pa 7 Mbps. Kusiyana kwa 3.5 ndi 7 ngakhale mwana akuona. Malire a DVD ndi 9.8 Mbps pa chithunzi, koma pa zimbale zobena tokhazi sindipitirira 8, chifukwa ma player otsika mtengo amayamba kudodoma akapanikizidwa. Ziliponso zimbale za 8.5 GB za magawo awiri, zolembedwa DL. Ndi zodula, sizipezeka paliponse, ndipo ma player akale ena amakakamira pomwe chimbale chikuchoka pa gawo loyamba kupita lachiwiri. Zimbale ziwiri wamba zimandipatsa tulo tabwino.

Mnzanu wina akuuzani kuti ingodulani kanemayo afike mphindi 90. Pa luso la kuedita akunena zoona, maukwati athu ambiri amatalika mopanda chifukwa. Koma ine ndinaphunzira kusamala ndi lumo pa perekani-perekani. Azakhali omwe anachokera ku Thondwe m'mawa, nkuvina akuponya ndalama zawo, adzakhala pansi kudikirira kuti adzione. Akapanda kudziona mlandu ndi wanu. Dulani pomwe anthu akungodikira galimoto, pomwe MC akuyesa maikolofoni, pomwe mwajambula denga mosadziwa. Malangizo a ankhoswe ndi nkhope za opereka zisiyeni.

Ngati eni ake aumirira chimbale chimodzi, pali chothandizako. Pa export mupeza mawu akuti CBR ndi VBR. CBR imapereka ma bit ofanana pa sekondi iliyonse, kaya ndi abusa ataima phee kaya ndi gule. VBR imamana pomwe pali bata nkukawonjezera pomwe pali chipwirikiti. Sankhani VBR ya 2-pass: ulendo woyamba kompyuta imaonera kanema yense kuti idziwe povuta, wachiwiri ndi pamene imagawa. Bitrate ya pakatikati muyiike pa 3.5, yapamwamba kwambiri pa 7 kapena 8. Nthawi yake imatalika pafupifupi kawiri, choncho yambani laputopu ili yodzaza moto, magetsi akazima pakati muyambiranso pachiyambi. Ngakhale pa zimbale ziwiri zija VBR ndi yomwe ndimasankha.

Za fulashi ndi nkhani ina, sizikukhudzana ndi malo. Mafulashi ambiri a 32 GB kutsika m'munsi amabwera atafomatidwa mu FAT32, yomwe ndi njira yakale yosanjira mafayilo, ndipo FAT32 silola fayilo imodzi yopitirira 4 GB, kaya fulashiyo ilibe kanthu. Mukaifomata mu exFAT kapena NTFS fayilo yaikulu ilowa, kungoti kufomata kumafuta zonse zomwe zilimo, ndiye yambani mwasamutsa. Vuto ndi loti simukudziwa TV yomwe fulashiyo ikalowe. Pafupifupi TV iliyonse yokhala ndi USB imawerenga FAT32, koma exFAT ndi NTFS ena amawerenga ena ayi. Ine ndimaisiya mu FAT32 nkudula kanemayo.

Pangani export ina ya MP4, codec H.264, 1080p, pa 8 Mbps. Imeneyi ndi bitrate yomwe YouTube imalangiza pa kanema wa 1080p wa zithunzi 25 kapena 30 pa sekondi, ndipo pa TV ya pabalaza imaoneka bwino. Kanema yense akhala pafupifupi 10 GB. Mudule magawo atatu, lililonse losapitirira ola, ndipo lililonse likhala pansi pa 4 GB. Mayina muwayambe ndi 1, 2, 3 kuti TV iwandandalike bwino. Fulashi ya 16 GB ikwana, ya 32 GB ija isungeni. Ngati gawo la madyerero likuonekabe lofooka, likwezeni lokhalo pa 10 Mbps nkulifupikitsa lisapitirire mphindi 50. H.265 ikanachepetsa fayilo koposa, koma ma TV akale saitsegula, ndipo simukufuna foni ya usiku yoti mawu akumveka koma chithunzi palibe. Ngati pulogalamu yanu yoeditira ikuvuta pa zimenezi, HandBrake ndi yaulere ndipo imagwira bwino ntchitoyi kuchokera pa fayilo yaikulu ija. Ya DVD, DVDStyler nayonso ndi yaulere, imapanga menu ndi VIDEO_TS yomwe.

Chenjeraninso ndi mafulashi achinyengo, olembedwa 64 GB pomwe m'kati muli malo ochepa. Amalandira fayilo ngati zonse zili bwino, koma mukatsegula imathera panjira. Mukakopera, tsegulani gawo lililonse kuchokera pa fulashipo nkulumphira kumapeto.

Achibale a kutali adzapempha pa WhatsApp. Musawatumizire ukwati wonse, bandulo yawo ndi yanu zithera pomwepo. Dulani kachidule ka mphindi 4, 720p, pa 2.5 Mbps, katuluka pafupifupi 75 MB. Mukakatumiza ngati document, WhatsApp siikafinyanso.

Kanthu kena ka mtsogolo: kamera muziika pa zithunzi 25 kapena 50 pa sekondi. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo mukajambula pa 30 kapena 60 mababu ena amaoneka akuphethira. Komanso kanema wa 30 akamasinthidwa kupita pa 25 ya DVD, mayendedwe a anthu amadukizadukiza. Mafoni ambiri amabwera ali pa 30, choncho ngati mnzanu akukuthandizani kujambula ndi foni muziyang'ana zimenezi ukwati usanayambe.

Pobena, musathamange. Chimbale chalembedwa 16x, koma inu sankhani 8x kapena kutsikirapo, ndipo lolani pulogalamu itsimikize zomwe yalemba ikamaliza. DVD imalembedwa kuyambira pakati kupita kunja, ndipo m'mphepete ndi momwe zimbale zotsika mtengo zimafookera. Ndicho chifukwa china chosadzazira chimbale mpaka pakamwa. Chaka china ndinakapereka DVD ku Matawale nditangoiyesa mphindi zisanu zoyambirira pa kompyuta. Banja lonse linasonkhana, anatulutsa mipando, ana anakhala pa mkeka. Zonse zinayenda bwino mpaka pamene ankhoswe a kuchikazi anaimirira kuti alankhule mawu otsiriza, chithunzi nkuuma, bambo aja pakamwa pali yasa. Ndinabwerera nacho chimbalecho m'thumba, ndalama yotsala ndinailandira patapita sabata ziwiri. Kuyambira pamenepo ndili ndi ka DVD player kakale, kotchipa, komwe ntchito yake ndi imodzi: chimbale chilichonse chimayamba chalowa mmenemo, ndipo ndimaonera mphindi khumi zomalizira ndisanachilembe dzina. Pezani kotero, ngakhale kobwereka kwa aneba, muyeserepo zimbale zanu ziwirizo zisanakwere basi ya ku Jali.